Mnyanga wa Njovu ndi Nyanga Yogwa Yokha

Dzuwa likapendeka, pa Zóbuè pamadzaza anthu. Magalimoto a katundu amaima mondondozana, kudikira kuwoloka malire kupita ku Mwanza. Oyendetsa amatsika nalowa m'mabaraka. M'mabaraka ena muli tebulo lalikulu loyalidwa nsalu yobiriwira. Anyamata amalizungulira atagwira ndodo zazitali, namagunda timipira tolimba kuti tigwere m'maenje a m'mbali. Masewerawa ena amati bilhar, ena amati pool. Ku Moatize nako tawaona, ndipo ana athu ena amawakonda.

Tiyeni titenge ndodo imodzi tiiyang'anitsitse. Ndi yamtengo. Kunsonga kwake kuli kacikopa kamene kamagunda mpira. Pansi pa kacikopako pali kamphete koyera. Nchito ya kampheteko ndi kuteteza mtengo kuti usang'ambike. Pa ndodo za m'mabaraka athu kamphete aka ndi kapulasitiki, ndipo palibe amene amakaganizira. Koma kali ndi mbiri yaitali, ndipo mbiriyo imafika kuno kwathu ku cigwa ca Zambezi. Kamatifunsanso funso lalikulu: kodi mtengo weniweni wa cinthu ndi uti?

Ndodo za anthu olemera

Ku America ndi ku maiko ena kuli amisiri amene amapanga ndodo za bilhar ndi manja, imodziimodzi, monga wafunira mwini wake. Ndodo yotere imatenga miyezi kuti ithe. Ina imagulidwa madola zikwi zingapo. Mmisiri amaika zoyera pa malo atatu: kamphete ka kunsonga, polumikizira zigawo ziwiri za ndodo, ndi timaluwa tokongoletsa pogwirira.

Kwa zaka zambiri, ogula olemera ankafuna kuti zoyerazo zikhale za mnyanga wa njovu. Masiku ano amisiri ena amagwiritsa nchito nyanga za nyama ina ya ku maiko ozizira. Zonse ziwiri n'zoyera, zonse n'zolimba, zonse zimacokera ku nyama. Kodi pali kusiyana? Kulipo, ndipo n'kwakukulu.

Zinthu ziwiri zoyera

M'cinenero cathu timati nyanga ya ng'ombe, ndipo timati mnyanga wa njovu. Mau ake ndi ofanana, koma zinthuzo n'zosiyana. Mnyanga wa njovu ndi dzino. Dzinoli limakula moyo wonse wa njovu. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu liri m'kati mwa mutu, ndipo m'menemo muli mtsempha wamoyo. Wofuna mnyanga wathunthu ayenera kuswa mutu wa njovu. Conco pamene pali mnyanga, pali njovu imene inafa.

Ku maiko ozizira kuli nyama zofanana ndi ngoma kapena mphalapala. M'Cipwitikizi amati veado. Yaikulu ya ku America amati elk. Kuno kwathu nyamazi kulibe. Nyanga zake ndi fupa, ndipo ziri ndi nthambi ngati mtengo. Codabwitsa n'cakuti caka ciri conse nyangazo zimagwa zokha, nyamayo iri moyo. M'miyezi yowerengeka zimaphuka zatsopano. Ngoma yathu sitero. Nyanga zake imafa nazo.

Ku Wyoming, m'dziko la America, pafupi ndi tauni ya Jackson, kuli malo amene elk zikwi zingapo zimakhalako nthawi yacisanu. Zikataya nyanga, anyamata a gulu la Scouts amathandiza kuzitola. M'mwezi wa Meyi amaziyesa pa sikelo nazigulitsa poyera, pa bwalo la tauniyo. Wopereka ndalama zambiri ndiye amatenga. Anayamba kutero mu 1968. Gawo lalikulu la ndalamazo limabwerera kukasamalira malo okhala nyamazo. Caka camawa nyama zomwezo zidzatayanso nyanga zina.

Kwa mmisiri, nyanga ya elk imavuta. M'kati mwake muli timibowo ngati m'fupa la ng'ombe, ndipo mtundu wake sufanana paliponse. Ayenera kusankha mbali yakunja yokha imene iri yolimba. Mnyanga wa njovu ndi woyera, ndi wosalala, ndipo umang'anima akaupukuta. Ndi cifukwa cake ogula ankaukonda. Mtengo wake unalinso wokwera. Mu 2014, ku China, kilo imodzi ya mnyanga wosasema inkagulidwa pafupifupi madola 2,100. Kilo ya nyanga ya elk imagulidwa madola makumi angapo okha.

Munthu wosaganiza anganene kuti cokwera mtengo ndico cabwino. Tisanavomereze, tiyeni tikumbuke mbiri ya dziko lathu.

Minyanga ya ku Zambezi

Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530. Ankafuna golide, ndipo ankafunanso minyanga. M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 mafumu a Amaravi, a Kalonga, a Lundu ndi a Undi, anakula mphamvu cifukwa ca malonda a minyanga. Ankaisinthanitsa ndi nsalu za ku India ndi mikanda. Ku Zumbo kunali msika waukulu. Pambuyo pake Acikunda anachuka monga alenje a njovu. Minyanga inkatsika ndi mtsinje m'mabwato, ina inkasenzedwa pamutu mpaka ku nyanja yaikulu. Ambiri mwa osenzawo anali akapolo, ndipo ena atafika ku gombe ankagulitsidwa pamodzi ndi katundu wao.

M'zaka za m'ma 1800, ku Ulaya ndi ku America anthu ankafuna minyanga yambiri. Ankapangira zipeso, zigwiriro za mipeni, makiyi a piyano, ndiponso mipira ya bilhar. Mpira wabwino unkasemedwa pakatikati pa mnyanga. Mnyanga umodzi unkatulutsa mipira yowerengeka yokha. Tiganize bwino pamenepa. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22. Imabala mwana mmodzi, kenaka papite zaka zinai kapena zisanu isanabalenso. Nyama yotereyi inkafa kuti anthu akutali agundanitse timipira pa tebulo madzulo.

Makolo athu anali ndi mwambo. Mlenje akapha njovu, mnyanga umene wagona pansi unali wa mwini dziko. Mlenje ankatenga wapamwamba. Mwambowu unkanena kuti njovu siiri ya mlenje yekha. Dziko limene linaidyetsa liri ndi gawo lake. Wamalonda wakutali sankadziwa zimenezi. Iye ankangoona kulemera kwa mnyanga pa sikelo.

Mitengo iwiri

Cinthu ciri conse ciri ndi mitengo iwiri. Woyamba ndi wa pa msika. Wogula amapereka ndalama, wogulitsa amalandira, onse amapita kwao. Waciwiri ndi wobisika. Amaulipira ndi ena amene pa msikapo panalibe, ndipo palibe anawafunsa.

Tiwerenge mtengo wobisika wa mnyanga. Mu 1979 mu Africa munali njovu pafupifupi 1,300,000. Pofika 1989 zinatsala pafupifupi 600,000. M'zaka khumi zokha, zoposa theka zinatha. Caka cimeneco ca 1989 maiko a m'pangano la CITES analetsa malonda a minyanga pakati pa maiko.

Kuno kwathu, pa nkhondo imene inatha mu 1992, onyamula mfuti ankapha njovu kuti adye nyama ndi kugulitsa minyanga. Ku Gorongosa, pa njovu 10 ziri zonse, 9 zinafa. Ophawo ankasankha za minyanga, nasiya zopanda minyanga. Nkhondo isanayambe, pa njovu zazikazi 5 ziri zonse, pafupifupi imodzi yokha ndiyo inalibe minyanga. Mwa zimene zinapulumuka, theka zinalibe, ndipo ana ao ambiri akubadwa opanda minyanga. Akatswiri anafalitsa zimenezi mu 2021. Akuluakulu amati njovu silemedwa ndi mnyanga wake. Koma ife anthu tinaulemeretsa, kufikira unasanduka imfa ya mwini wake.

Nkhondo itatha, kupha sikunathe. Mu 2015 kunalengezedwa kuti m'zaka zisanu zokha njovu za m'dziko lathu zinatsika kucoka pa 20,000 kufika pa 10,300. Zambiri zinafera ku Niassa. M'mwezi wa Julayi caka comweco, ku Maputo, boma linatentha minyanga yolandidwa yoposa matani awiri. Kuyambira 2017, lamulo lathu limalola kuti wopha njovu kapena wogulitsa minyanga akhale m'ndende mpaka zaka 16.

Kodi ndani amalowa m'ndendemo? Kawirikawiri ndi mnyamata wa kumudzi amene anapatsidwa mfuti ndi ndalama pang'ono. Ana ake amatsala opanda bambo, munda wake umamera udzu. Wogula ndodo yokongola ku dziko lakutali samva kulira kwa banja limenelo. Iye analipira mtengo wa pa msika. Wotsalawo analipira ndi njovu, ndi mnyamata uja, ndi adzukulu athu amene mwina njovu adzangoiona pa cithunzi. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali cinanso. Njovu zikamacepa, mnyanga umasowa. Ukasowa, mtengo umakwera. Mtengo ukakwera, wopha amalandira zambiri, ndipo amapha zotsalazo. Malonda otere amadya mizu yao. Nyanga yogwa yokha siiri conco. Wotola amafuna kuti nyama zikhale zambiri ndi zonenepa, cifukwa zikaculuka nyanga nazo zimaculuka. Phindu la mnyanga limacokera ku imfa ya nyama, phindu la nyanga yotola limacokera ku moyo wake.

Kodi masewera amafunadi mnyanga?

Iai. M'zaka za m'ma 1860 kampani ina ya ku New York inalonjeza mphotho ya madola 10,000 kwa munthu amene angapeze colowa m'malo mwa mnyanga popanga mipira ya bilhar. Mmisiri wina wosindikiza mabuku, John Wesley Hyatt, anayesayesa, ndipo mu 1870 analembetsa ku boma cinthu catsopano cimene pambuyo pake cinachedwa celluloid. Cinali cimodzi mwa mapulasitiki oyamba. Mu 1907 Leo Baekeland anapanga pulasitiki ina yolimba koposa. Lero mipira ya m'mipikisano yaikulu ndi ya pulasitiki yamtundu umenewo. Siing'ambika ndi kutentha kapena kuzizira monga unkacitira mnyanga.

Conco wofuna mnyanga pa ndodo yake saufunira kuti mpira ulowe m'dzenje. Amaufuna cifukwa ndi wosowa, kuti anzake amutame. Kodi kutamandidwa kwa munthu mmodzi kungalingane ndi moyo wa njovu? Ife tikuti sikungalingane.

Zimene ena anganene

Wina adzati: "Mnyanga uwu ndi wakale. Njovu yake inafa agogo athu ali ana. Ndikaugula, ndalakwira ndani?" Funsoli ndi lanzeru. Yakufa siingadzuke. Koma mnyanga ukadulidwa kukhala kamphete, maso sangazindikire ngati ndi wakale kapena wa dzulo. Wogulitsa aliyense amati wake ndi wakale. Msika wa minyanga yakale umasanduka mthunzi wobisalamo minyanga yatsopano. Mu 2008 maiko anai, Botswana, Namibia, South Africa ndi Zimbabwe, analoledwa kugulitsa kamodzi minyanga ya m'nkhokwe zao kwa China ndi Japan. M'zaka zotsatira kupha njovu kunakula. Akatswiri amatsutsanabe za cifukwa cake. Koma cina tinaciona: China italengeza kuti itseka msika wake, mtengo wa kilo unatsika kufika pa madola 730 kuciyambi kwa 2017, ndipo msikawo unatsekedwa pa mapeto a caka cimeneco. Ogula akacepa, mfuti nazo zimacepa mphamvu.

Wina adzati: "Inu mukukonda njovu cifukwa sizinalowe m'munda mwanu." Mau awa ndi olemera, ndipo sitiyenera kuwapeputsa. Abale athu a ku Mágoè ndi ku Zumbo amadziwa. Usiku umodzi njovu zimatha kumaliza cimanga ca caka conse. Zimaphanso anthu. Mai amene wataya munda sangadye kukongola kwa njovu. Koma tifunse: wamalonda a minyanga analipirapo mai ameneyu? Iye amafuna njovu ya minyanga yaikulu, kaya inalowa m'munda kaya siinalowe. Vuto la mlimi ndi lina, umbombo wa wamalonda ndi wina.

Cilungamo n'cakuti amene akukhala pafupi ndi njovu alandire gawo la phindu lake. M'zaka za m'ma 1990, m'cigawo cathu ca Tete, munayamba nchito yochedwa Tchuma Tchato, kutanthauza cuma cathu, kuti midzi ipindule ndi nyama za m'dera lao. Kuyambira 2005, lamulo limati magawo 20 pa 100 a misonkho ya nkhalango ndi nyama zakuthengo apite kwa anthu a m'deralo. Mu 2013 kunakhazikitsidwa paki ya Mágoè. Ndalamazi zikacedwa kapena zikacepa, tiri ndi ufulu wofunsa. Munthu wodziwa kuwerenga amafunsa bwino, cifukwa amatha kuona yekha zimene zalembedwa pa pepala. Uwu ndi mnyanga wapansi uja wa masiku ano, gawo la eni dziko.

Winanso adzati: "Ndiye kuti nyanga yotola iribe mlandu uli wonse?" Nayo iyenera kufunsidwa. Mtengo ukakwera, ena amathamangitsa nyama zofooka ndi cisanu kuti nyanga zigwe msanga, ndipo ena amangozipha. Ndi cifukwa cake ku Wyoming lamulo limaletsa kutola nyanga m'madera ena miyezi yoyamba ya caka. Dzina la cinthu palokha silimasula munthu. Comwe cimamumasula ndi kudziwa njira imene cinthuco cinayenda kufikira m'manja mwake.

Nanga ife?

Ife sitigula ndodo za madola zikwi. Ambiri a ife mnyanga sitinaugwirepo. Koma tsiku liri lonse timagula ndi kugulitsa, ndipo mitengo iwiri ija iripo pa msika wa pa Zóbuè monga iriri ku New York.

Thumba la makala liri ndi mtengo wake m'mametikali. Mtengo wobisika ndi phiri lopanda mitengo, ndi mai amene akuyenda ulendo wautali kukafuna nkhuni. Nsomba zogwidwa ndi neti ya udzudzu n'zochipa lero, koma mtsinje umatsala wopanda mbeu. Mbewa za kumoto wa luphya n'zokoma, koma motowo umadya udzu wofolerera nyumba ndi msipu wa ng'ombe. Mlombwa wodulidwa ndi kukwezedwa pa galimoto unakula zaka zambiri kuposa za munthu amene waudula. Ngakhale malasha a ku Moatize, akakumbidwa nakwera sitima, sameranso.

Tirinso ndi zinthu zonga nyanga yogwa yokha. Mango ndi masau timathyola, mtengo utsala. Uci wa m'mng'oma timafula, njuci zitsala. Mkaka timakama, ng'ombe itsala. Ng'ombe ikaphedwa cifukwa ca nyama, nyanga zake zimangotayidwa ku dzala, pamene mmisiri waluso angathe kupangira zigwiriro za mipeni, zipeso ndi mabatani. Palibe nyama imene yafa cifukwa ca nyangazo.

Sitikunena kuti munthu asadule mtengo kapena asaphe nyama. Tiyenera kudya, tiyenera kumanga. Makolo athu ankasaka, ankasema mabwato ndi mitondo. Koma njala ndi kunyada n'zosiyana. Wopha nyama kuti ana adye ali ndi cifukwa cimene angacinene pa bwalo osacita manyazi. Wopha njovu kuti ndodo ya mlendo ing'anime alibe cifukwa cotere.

Conco tisanagule ndiponso tisanagulitse, tifunse mafunso atatu. Cinthu ici cacokera kuti? Kodi kumene cacokerako kwatsala moyo, kuti mawa kudzatulukenso cina? Ndani walipira mtengo umene ine sindinalipire? Wogulitsa akakana kuyankha, kukanako ndi yankho.

Mlendo akafika pa malire nanong'oneza mwana wathu kuti akufuna minyanga, ndipo alipira bwino, tidziwe kuti ndalamazo n'zocepa poyerekeza ndi zimene banja lathu ndi dziko lathu lidzalipira. Timuuze mwanayo asanagwire mfuti. Citsime cimadziwika kuya cikaphwa, koma ife taona kale zitsime zina zitaphwa, ku Gorongosa ndi ku Niassa. Sitiyenera kudikira kuti ca ku Tete ciphwenso.

Kamphete kapulasitiki ka pa ndodo ya m'baraka ndi kochipa, ndipo palibe angakatame. Koma anyamata amasewera nako madzulo onse, mpira umalowa m'dzenje, ndipo palibe njovu imene inafera masewerawo.

Tikambirane

1. Kodi mnyanga wa njovu umasiyana bwanji ndi nyanga ya elk?

2. Chulani zinthu zitatu za pa msika wa kwanu zimene ziri ndi mtengo wobisika. Amaulipira ndani?

3. Chulani zinthu zitatu zimene timatenga koma gwero lake limatsala moyo.

4. Njovu zikaononga munda wa mnansi wathu, mudzi ucite ciani kuti banja lake lisagone ndi njala?

5. Mu 2014 kilo ya mnyanga inali madola 2,100. Mu 2017 inali madola 730. Mtengo unatsika ndi madola angati?

6. Lembani m'kope mwanu ciganizo ici: Ndisanagule, ndifunse kumene cinthu cacokera.